Tabuleti izibwera pambuyo pa funso

Abale anga a kuno ku Joni, ambiri mumandifunsa kuti ana a pasukulu ya international pomwe ndimathandizira aphunzitsi amaphunzira motani, poti aliyense ali ndi tabuleti yake. Ena mumaganiza kuti nzeru zonse zili m'makinamo. Ine amene ndimakhala nawo m'kalasi tsiku ndi tsiku ndikukana.

Pasukulupa timatsata maphunziro a IB (International Baccalaureate), ndondomeko ya maphunziro yotsatidwa m'sukulu za m'maiko ambiri, yomwe inayambira ku Geneva mu 1968. Chaka chomaliza cha pulayimale ana amasankha okha vuto lenileni, kulifufuza kwa milungu ingapo, kenaka n'kudzaonetsa makolo. Gulu lina linatenga mtsinje wa Jukskei, chifukwa kamtsikana kena kanafunsa kuti, "Bwanji madzi aja amanunkha chonchi?"

Pa Google Earth anaulondola mtsinjewo kuyambira cha ku Ellis Park, kudutsa mu Alexandra, mpaka kukathira mu mtsinje wa Crocodile ndi m'damu la Hartbeespoort. Koma fungo silimveka pa sikirini. Anavala magambuti ndi magolovesi, tinatsikira nawo pakamtsinje kothira mu Jukskei, akuvundukula miyala, kujambula tizilombo ta m'madzi n'kumatiwerenga motsata njira ya miniSASS, yomwe imasonyeza ngati madzi ali bwino kapena aipa.

Chomwe sindidzaiwala ndi tsiku lomwe anaona chithunzi cha damu lija litaphimbidwa ndi zomera zobiriwira. Ndinangoti, "Uyu ndi namasupuni! Kwathu amavutitsa pa Shire mpaka kutseka makina a magetsi ku Nkula." Tinaimbira malume anga, asodzi a ku Liwonde, pa vidiyo ya WhatsApp, ine ndikumasulira. Ana anawapanikiza ndi mafunso, za maukonde okodwa, za bwato lokanika kudutsa, mpaka bando ya malume inatha. Munthu woti sukulu analekezera Sitandade 4 anaphunzitsa kalasi yonse tsiku limenelo.

M'kalasi momwemo mnyamata wina anabwera ndi masamba asanu osalala bwino ochokera ku ChatGPT. Aphunzitsi atamufunsa funso limodzi lokha, anangoti kukamwa yasa. Zinandipweteka mtima, ndipo sindimuimba mlandu mwanayo. Tinamupatsa makina asanakhale ndi funso lakelake. Ife tinakula tikuloweza manotsi a pabolodi kuti tikhoze mayeso a MANEB, koma bola ife tinkalemba ndi dzanja lathu.

Inu amene ana anu ali m'sukulu za boma ku Rosettenville, Cosmo City kapena Diepsloot, musadziderere. Kamera, mapu ndi WhatsApp zili mufoni yomwe mukuwerengera izi.

Mwana wanga wakhala akundifunsa chifukwa chake mpopi umauma masiku angapo. Loweruka lino tiyamba kulemba malita omwe timagwiritsa ntchito patsiku, ndipo ayeza yekha pamapu mtunda wochokera kudamu la Vaal, komwe madzi a m'mipopi yathu amachokera, kufika pakhomo pathu.