Chilankhulo chimodzi, katundu wosiyana: nyuzipepala za ku Chittagong ndi ku Silchar

Ku Chittagong, mzinda wadoko ku Bangladesh, ndi ku Silchar, m'chigawo cha Assam ku India, anthu amawerenga nyuzipepala m'Chibengali, zilembo zake zomwezo. Koma mtolankhani wa kuno ndi wa uko sasenza katundu wofanana ayi.

Dainik Azadi ya ku Chittagong inayamba kutuluka pa 5 September 1960. Mwini wake, Abdul Khaleq, anali injiniya yemwe anali kale ndi makina osindikizira otchedwa Kohinoor Electric Press. Makinawa anali ndi mbiri yawo. Mu 1952 apolisi atawombera ophunzira ku Dhaka (lero likulu la Bangladesh) amene ankafuna kuti Chibengali chikhale chilankhulo cha boma, ndakatulo yowalira inasindikizidwa pamenepo, boma la Pakistan, lomwe panthawiyo linkalamulira dera lomwe lero ndi Bangladesh, n'kuiletsa. Ndiye pa 17 December 1971, kutangocha asilikali a Pakistan atagonja dzulo lake, Azadi inatuluka, ndipo mpaka lero imanyadira kuti ndiyo inali nyuzipepala yoyamba m'dziko latsopano la Bangladesh. Abdul Khaleq atamwalira, mpando wa mkonzi unapita kwa Mohammad Khaled, kenako kwa mwana wa mwiniwakeyo, M A Malek.

Ku Bangladesh nkhondo ya chilankhulo inatha, Chibengali chinapambana. Mdani wa Azadi tsopano ndi Dhaka, komwe kumachokera nyuzipepala zikuluzikulu monga Prothom Alo ndi Ittefaq. Chomwe chaipulumutsa n'kusasiya kwawo: za padoko, misewu yosefukira madzi nthawi yadzinja, zidziwitso za maliro, malonda a m'tauni momwemo.

Ku Silchar zinthu n'zina. Nyuzipepala ya Jugasankha, imene anaiyambitsa Baidyanath Nath mu 1950, inakulira m'chigawo chomwe olankhula Chibengali ndi ochepa poyerekeza ndi olankhula Chiassamese. Mu 1960 Assam inakhazikitsa lamulo lokweza Chiassamese, ndipo pa 19 May 1961 apolisi anapha anthu 11 otsutsa lamulolo pa siteshoni ya sitima ku Silchar, mmodzi wa iwo mtsikana Kamala Bhattacharya. Pambuyo pake boma linalola Chibengali m'dera la Cachar, komwe kuli Silchar, koma nkhawa sinathe. Mu 2019 kaundula wa nzika za Assam anasiya kunja anthu pafupifupi 1.9 miliyoni, ambiri mwa iwo olankhula Chibengali. Taganizirani gogo akufunafuna m'sutikesi chikalata cha bambo ake cha chisanafike chaka cha 1971, kuti akatsimikize kubwalo kuti si mlendo. Nkhani zotere ndizo ndiwo za tsiku ndi tsiku za mtolankhani wa kumeneko.

Ine ndimaona kuti wa ku Silchar ali ndi mwayi umodzi: owerenga amamutenga ngati wawo, chifukwa chilankhulo chokhacho chimawamanga pamodzi. Vuto lake n'loti nyuzipepala yoteroyo imatha kuzengereza kudzudzula atsogoleri a mtundu wake omwe.

Wa m'maboma a ku Bangladesh alibe chishango chimenecho. Amene akumulemba ndi amene amakumana naye pamsika. Ku Khulna, mu 2004 mokha, mabomba anapha atolankhani awiri odziwika: Manik Saha mu January, ndi Humayun Kabir Balu, mkonzi wa Dainik Janmabhumi, mu June. Mu 2018 kunabweranso lamulo la Digital Security Act, limene linatsekeretsa atolankhani angapo chifukwa cha zolemba za pa intaneti, ena a m'maboma omwe dzina lawo ku Dhaka silinkadziwika n'komwe.