Dodo sanali chitsiru, chithunzi ndicho chinatinamiza

Abale anga, lero ndili ndi mawu pa za mbalame imene palibe wa ife anaionapo, ngakhale agogo a agogo athu. Dzina lake ndi dodo. Ambiri munaiona m'mabuku a sukulu kapena pa intaneti: chimbalame chotuwa, chonenepa mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza pansi, timapiko tongoikirira, chimlomo chokhota, kumbuyo tinthenga topiringizika. Ukangochiona umati chamumtima, n'zosadabwitsa kuti chinatha psiti. Maganizo amenewo ndi amene ine ndikuwakana. Chithunzi chija chinatiphunzitsa bodza, ndipo bodzalo linachotsa mlandu pa anthu n'kuusenzetsa mbalame.

Dodo ankapezeka pa chilumba chimodzi chokha padziko lonse, cha Mauritius, kum'mawa kwa Madagascar, dziko limene lero timakhala nalo limodzi mu SADC. Nthawi imeneyo pachilumbapo panalibe mudzi ngakhale umodzi. Amalinyero a ku Netherlands anafikapo mu 1598, pa ulendo umene ankatsogolera Jacob van Neck, ndipo ndiwo anayamba kulemba za mbalameyi. Umboni womaliza umene akatswiri ambiri amauvomereza ndi wa mu 1662, wa Volkert Evertsz, amene anapulumukira pachilumbapo chombo chawo chitamira. Werengani nokha: zaka 64 basi. Mwana wobadwa chaka chimene dodo analembedwa koyamba akanakhala akadalimabe yekha kumunda pamene dodo womaliza ankaoneka.

Kamera kunalibe. Ndiye maonekedwe onse a mbalameyi anatsalira m'manja mwa anthu ojambula, ndipo apa ndi pamene nkhani inakhotera.

Chithunzi chimene chinalowa m'mitu mwathu ndi cha Roelant Savery, amene anachijambula cha m'ma 1626. Mkuluyu anali katswiri ndithu, anagwirapo ntchito ku nyumba ya mfumu Rudolf II ku Prague, mfumu imene inkakonda kusonkhanitsa nyama ndi zinthu zachilendo. Chithunzicho chinadzakhala m'manja mwa George Edwards, amene anachipereka ku British Museum mu 1759, ndipo lero chili ku Natural History Museum ku London. Chiyang'aneni bwinobwino mukachipeza. Dodo waima pakati, wadzaza malo onse, chifuwa chatupa, miyendo yaifupi ngati yalemedwa, zinkhwe zamitundu yowala zili m'mbali. N'chokongola, sindikana. Koma Savery sanapondeko ku Mauritius. Akatswiri amaganiza kuti mwina ankayang'ana mbalame imene inatsekeredwa m'chombo miyezi yambiri ikudyetsedwa zakudya za amalinyero, kapena chikopa cha mbalame yakufa chimene munthu wina anachidzaza mopyola muyeso. Zili ngati munthu ajambule nkhuku ya broiler imene yakhala m'khola osayenda, kenako auze dziko lonse kuti umu ndi mmene nkhanga ya kutchire imaonekera.

Savery ine sindimuda. Ntchito yake sinali ya sayansi. Ankajambula munda wa Edeni, chingalawa cha Nowa, nyama zonse zitasonkhana mwamtendere, ndipo dodo ankamuika pakona kuti ogula adabwe. Popanda iye tikanakhala ndi zochepa kuposa zimene tili nazo. Amene ndili nawo chifukwa ndi anthu obwera pambuyo pake, amene anatenga chithunzi cha pakhoma n'kuchisandutsa umboni. Wina ankakopera kwa Savery, wina n'kukopera kwa wokoperayo, aliyense akuwonjezera kamnofu. Jan Savery, mbale wake, anajambula dodo wake mu 1651, wonenepa kuposa woyambayo, ndipo chithunzicho chili ku Oxford. Mu 1865 John Tenniel anajambula dodo m'buku la ana la Alice's Adventures in Wonderland, thupi lomwe lija, atam'patsanso manja ndi ndodo yoyendera. Bukulo linafala dziko lonse, ndipo kuyambira pamenepo ana mibadwomibadwo akula akudziwa dodo ngati kankhalamba koseketsa. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ngakhale mafupa atapezeka, chithunzi chinapambanabe. Chaka chomwecho cha 1865, mphunzitsi wina wa ku Mahébourg ku Mauritius komweko, George Clark, anapeza mafupa a dodo m'dambo lotchedwa Mare aux Songes. Amene analowa m'matopemo anali antchito, akuyenda m'madzi akuda n'kumafufuza mafupa ndi zala za kumapazi. Mafupa ambiri anatumizidwa ku England, ena n'kufika kwa Richard Owen, katswiri wamkulu wa za matupi a nyama nthawi imeneyo. Inu mukuganiza kuti anatani? Mu 1866 anawayala motsatira mzere wa thupi la dodo wa Savery, n'kutulutsa mbalame yonyonyomala, yolemera. Mafupa enieni anali m'manja mwake, koma anawakakamiza kuti amvere utoto. Patapita zaka zochepa, atalandira mafupa ena, anakonza n'kuiimika mowongoka, ndipo pamenepo tim'yamikire. Koma anthu anali atagwira kale choyamba chija.

Pomwe umboni wina unalipo, wa anthu amene anaona ndi maso awo.

Mu 1601 chombo cha Gelderland chinaima pa Mauritius, ndipo m'buku la ulendo wake muli zithunzi zojambulidwa ndi munthu wa m'chombomo, amene akatswiri amati anali Joris Laerle. Si zithunzi zapamwamba zopachika m'nyumba ya mfumu ayi, ndi mizere chabe yapapepala, koma yojambulidwa pomwepo, mbalame ili pamaso pake, ina yamoyo kapena yongophedwa kumene. Mutu anaubwereza kangapo, kufuna kuti mlomo ukhale ndendende. Dodo wa mmenemo ndi wolimba, wa miyendo yamphamvu, wopanda chimimba chija. Bukulo linangokhala m'malo osungira zikalata ku Netherlands, pamene chithunzi cha Savery chinkayenda m'mabuku.

Koma chimene ine ndimachikonda koposa chinachokera ku India. Mfumu Jahangir ya ufumu wa Mughal inkakonda zachilengedwe, ndipo inali ndi wojambula wake wodalirika, Ustad Mansur. Pali kachithunzi ka cha m'ma 1625 kamene akatswiri amati ndi ka iyeyu, kamene kanadzatulukira ku St Petersburg ku Russia m'zaka za m'ma 1950. Dodo ali pakati, wofiirira, thupi lapakatikati, waima ngati mbalame yodziwa kuyenda. Pomuzungulira pali mbalame zina za ku Asia, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu ya chithunzichi: mbalame zinazo anazijambula molondola kwambiri moti wodziwa mbalame lero amatha kutchula mtundu wa iliyonse. Munthu amene sananame pa mbalame zimene tingathe kuzifufuza, n'chifukwa chiyani tim'kayikire pa imodzi imene sitingathe? Komanso tikudziwa kuti madodo amoyo anafikadi ku India, pakuti Peter Mundy, Mngelezi wapaulendo, analemba kuti anaona awiri ku Surat m'zaka zomwezo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Mansur anadekha. Ndikanakhala ndi mphamvu pa mabuku a ana, chithunzi ichi ndi chimene ndikanaika patsamba loyamba.

Sayansi ya masiku ano yaima mbali ya Laerle ndi Mansur. Kale ankati dodo ankalemera makilogalamu opitirira 20. Kafukufuku wa Andrew Kitchener wa mu 1993 anatsitsa chiwerengerocho kufika pakati pa 10 ndi 18, ndipo ena pambuyo pake anapeza kuti chinali pafupi ndi 10. Mafupa a miyendo amasonyeza mbalame yamphamvu, yotha kuthamanga m'nkhalango ndi m'miyala. Mu 2016 anayeza m'kati mwa chibade n'kupeza kuti ubongo wake, poyerekeza ndi thupi, unali ngati wa nkhunda zina zonse. Inde, dodo anali wa banja la nkhunda ndi njiwa. Johannes Reinhardt wa ku Copenhagen ananena zimenezi mu 1842 anthu n'kumuseka, kenako Hugh Strickland ndi Alexander Melville anatsimikiza mu 1848, ndipo mu 2002 DNA, imene imasunga chibadwa cha chamoyo chilichonse, inaonetsa kuti mbale wake wapafupi amene akadali moyo ndi njiwa ya ku zilumba za Nicobar. Amene munawetapo nkhunda mukudziwa kuti si mbalame yopusa.

Nanga bwanji sankathawa anthu? Akanaphunzira kuti mantha? Pachilumba pake panalibe chilombo choyenda pansi chomusaka. Mapiko anachepa chifukwa kuuluka kunalibe ntchito, chakudya chinali pansi, chisa chinali pansi. Anakhala bwinobwino choncho kwa zaka zosawerengeka, akupirira chilala ndi namondwe. Kenako kunabwera zombo. Amalinyero anapha ena, koma chachikulu chinali zimene anthu anatsitsa m'zombomo: nkhumba, makoswe, anyani, amphaka. Dzira lili pansi, nkhumba ikudutsa, mukuganiza kuti chingatsale n'chiyani? Adatchi atakhazikika pachilumbapo mu 1638 anayambanso kugwetsa mitengo ya ebony. Apa palibe uchitsiru wa mbalame. Pali anthu amene anafika pamalo a eni ake n'kusokoneza zonse m'zaka zosapitirira moyo wa munthu mmodzi. Chithunzi cha mbalame yonenepa, yaulesi, chimatipatsa mpata wonena kuti inali yoti ithe basi, ndipo ine mawu amenewo sindiwalola.

Mukafuna kuona mmene ankamusamalira akadali moyo, tamvani izi. Mu 1638 Hamon L'Estrange akuyenda mumsewu wa London anaona chithunzi cha mbalame yachilendo pansalu yopachikidwa panja pa nyumba. Analowa n'kupeza dodo wamoyo m'chipinda, womusunga akum'patsa miyala kuti ameze anthu aonerere. Ku Oxford kunali dodo wathunthu wouma, wochokera m'katundu wa banja la Tradescant. Pofika mu 1755 anali ataonongeka, n'kutsala mutu ndi phazi limodzi. Zotsalazi ndi zinthu zokhazo padziko lonse zimene zikadali ndi khungu la dodo. Mu 2018 mutuwo anauunika ndi makina ku University of Warwick, ndipo kumbuyo kwa mutu ndi m'khosi anapezamo tizipolopolo ta mtovu. Mbalameyo inachita kuomberedwa. Ndipo dodo atatha, patangopita nthawi, anthu ophunzira ena anayamba kukayika ngati dodo anakhalakodi, kumati mwina zinali nthano za amalinyero.

Utoto unachitanso china chodabwitsa: unalenga mbalame imene sinakhaleko. Ojambula awiri achidatchi, Pieter Holsteyn ndi Pieter Withoos, anajambula madodo oyera. Akatswiri a m'zaka za m'ma 1800 anaphatikiza zithunzizo ndi malipoti akale a mbalame yoyera ya pa chilumba cha Réunion, kufupi ndi Mauritius, n'kulengeza kuti kumeneko kunali dodo woyera. Analowa m'mabuku, anapatsidwa ndi dzina la sayansi lomwe. Mafupa atafukulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1900 zinadziwika kuti mbalame ya ku Réunion inali ya mtundu wa ibis, ya mlomo wautali, yosakhudzana ndi dodo n'komwe. Fupa la dodo silinapezekepo ku Réunion.

N'chifukwa chake ndimalemekeza kwambiri ntchito yojambula zachilengedwe, ndipo zimandipweteka ndikamva wina akuti ndi zamasewera. Munthu wokhala pansi ndi pensulo n'kumayang'anitsitsa phazi la mbalame, kuwerenga zala, kuona pamene nthenga zathera, akulemba umboni umene mwina tsiku lina udzakhala wokhawo wotsala. Lero tili ndi makamera m'matumba, komanso makompyuta otha kutulutsa chithunzi cha nyama iliyonse m'kanthawi kochepa. Koma makinawo amaphunzira ku zithunzi zimene zilipo kale, ndipo zambiri mwa zithunzi za dodo ndi zidzukulu za Savery. Vuto la Owen lija silinathe, langopeza liwiro.

Mu 2023 kampani ya ku America ya Colossal Biosciences inalengeza kuti ikufuna kubwezeretsa dodo pogwiritsa ntchito DNA. Ine mtima wanga suli kumeneko. Uli kwa anthu a ku Mauritius ndi anzawo amene anagwira mbalame zotsala zisanapite. Kabawi wa pachilumbapo anatsala anayi okha odziwika kutchire mu 1974, ndipo lero alipo mazana. Njiwa yapinki inatsala pafupifupi 10 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nayonso inachira. Anthu amenewo sanadikire kuti mbalame isanduke chithunzi cha pachidindo cha boma, monga dodo alili lero pa cha Mauritius.

Pali munthu mmodzi amene sindingatseke osam'tchula. Etienne Thirioux anali wometa tsitsi ku Port Louis, likulu la Mauritius. Pa nthawi yake yopuma ankakwera m'mapiri kukafufuza m'mapanga, ndipo cha m'ma 1904 anapeza mafupa pafupifupi onse a dodo mmodzi, osati osakaniza a mbalame zosiyanasiyana ngati a m'dambo aja. Ali moyo akatswiri sanam'labadire kwenikweni. Panadutsa zaka zoposa 100 kuti mafupawo aunikidwe mokwanira, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016. Mafupawo ali ku Port Louis, ndipo ena amene iye anasonkhanitsa ali ku Durban Natural Science Museum ku South Africa. Abale amene muli ku Durban, tsiku lina mukapeza mpata tengani ana mupite nawo. Mukafika musayambire pa mlomo, aliyense amayambira pamenepo. Yang'anani miyendo, muone kukula kwa mafupa ake, mutitumizireko chithunzi ife tili kutali.