Timabzala mu Disembala, timatentha mu Seputembala

Maganizo anga lero ndi a moto wa m'phiri, ndipo ndikudziwa kuti ena mukwiya nane.

Kuno ku Mulanje nyengo yokoma kuposa zonse ndi ino, chiperoni chitatha koma mvula isanayambe. Ambiri amaida chifukwa cha kutentha ndi fumbi. Koma takwerani kumtunda kwa Likhubula m'mawa dzuwa lisanakwiye. Mitengo ya mombo yomwe inayoyola masamba mu Ogasiti yaphukira kale, masamba ake ofiira psuu, pomwe sipanagwe ndi dontho limodzi la mvula. Masuku akukhwima. Akabawi abweranso, n'chifukwa chake amayi ayamba kutsekera anapiye m'khola. Masana nyenje zikusokosera mpaka makutu kuwawa. Apusi ali m'mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo mukakhala chete m'malo a mitengo yowirira mutha kuona nchima, anyani amanyazi aja amene amangokusuzumirani kamodzi n'kusowa. Anamzeze ochokera ku Ulaya afika chakumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala.

Ine amene amandikoka mtima kwambiri ndi lumbe, mbalame ija youluka usiku. Lumbe samanga chisa. Amaikira mazira ake awiri pansi penipeni, pa masamba ouma, n'kuwakhalira masana onse maso atatsinzina. Nthenga zake ndi masambawo simungazisiyanitse. Amadikira mpaka phazi lanu litatsala pang'ono kumuponda, ndiye amauluka mosachita phokoso n'kukatera poteropo, akukwekwesa phiko kuti muganize kuti wathyoka, mumutsatire iyeyo musiye mazira. Nzeru imeneyi imapusitsa munthu, imapusitsa galu. Moto suipusitsa.

Ndiye tayang'anani kuphiri usiku mwezi uno. Mizere ya moto ikukwera m'matanthwe, lero uku, mawa uko, m'mawa phulusa likugwera pa zovala zoyanika. Tinazolowera mpaka ana amaima pabwalo kumaonerera. Woyatsa timamudziwa, si mzimu ayi: osaka mbewa ndi akalulu omwe amafuna tchire liyere kuti agalu athamange bwino, ofula njuchi osiya chikuni chikufuka, ocheka matabwa ophika nsima m'nkhalango, ndi ena oyatsa dala chifukwa akwiya ndi alonda. Gwape wamkulu athawa, chinkhoma chilumphira pathanthwe. Chotsala m'moto ndi mazira, ana a gwape obisidwa muudzu, akamba, ndi ana a mbalame zina osatha kuuluka. M'phiri muno muli mitundu ya nanzikambe yosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ina yosatalika kuposa chala. Imakhala m'nkhalango zobiriwira zam'zigwa, ndipo moto wa chaka chilichonse umadya nkhalangozo m'mphepete, pang'onopang'ono, mpaka pomwe panali mthunzi pamera udzu. Udzuwo ndiwo nkhuni za moto wa chaka chamawa.

Ikafika 15 Disembala, nyengo yobzala mitengo iyamba. Ma T-shirt atsopano, magule, bwana wina atagwira khasu lomwe silinalimepo, zithunzi mbwee pa Facebook. Chiwerengero cha mbande zobzalidwa chimalengezedwa mokweza. Koma ndani amabwerera mu Okutobala kukawerenga zomwe zapulumuka? Kumeneku ndi kutunga madzi ndi dengu. Kubzala sindikukana, inenso ndimabzala. Ndikungoti tikuika ndalama ndi mwambo wonse pa tsiku lophweka, n'kuthawa miyezi yovuta.

Nkhani ya mkungudza ikanatiphunzitsa kale. Phiri la Mulanje linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Mkungudza wa Mulanje, umene kwawo kwenikweni ndi phiri lino lokha, unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984. Ulemu wonsewo sunautchinjirize ku sowo: atafufuza mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yamoyo. Kuyambira 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anzawo, pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira omwe anakhazikitsa manazale, akhala akukwera ndi mbande pamutu kukabzala kumtunda. Ntchito yowawa zedi, amene anakwerapo njira ya ku Chambe kapena ku Lichenya atasenza katundu andivomereza. Koma mkungudza waung'ono supirira moto, ndipo umatenga zaka makumimakumi kuti ukhale mtengo weniweni. Kamtengo kamachesi kamodzi kakhoza kufafaniza thukuta la nyengo zingapo madzulo amodzi.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza apite kwa anansi athu ku Thyolo. Kuli kambalame kotchedwa Thyolo alethe, kodera pamsana koyera pakhosi, kamene kamatsatira linthumbu pansi pa nkhalango kumatola tizilombo tothawa. Dziko lonse limakadziwa ndi dzina la Thyolo. Koma nkhalango ya phiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse, pamwamba pake pali minda, ndipo kambalameko kanatsalira m'timagawo ta nkhalango monga ta pa esiteti ya Satemwa, komanso kuno ku Mulanje ndi mapiri ena ochepa a Malawi ndi Mozambique. Azungu amakwera ndege kudzakaona, mwana wa ku Thyolo sanakamvepo.

Apa ndisanamizire kuti anthu a ku Thyolo ndi Mulanje ndi osamva. Malo abwino ambiri ali pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, anthu tachuluka, munda wa banja ndi kachigamba. Munthu wopanda polima amayang'ana kuphiri, si nkhanza, ndi njala. Mnyamata wotsika ndi thabwa paphewa kuchokera kumtunda, phewa litachita chikanga, amalandira ndalama yosakwana ndi thumba la chimanga lomwe. Phindu lili kwa mwini galimoto yemwe amadikira kumsewu usiku, ndi kwa ife ogula makala ndi zitseko za mkungudza m'tauni. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, koma kawirikawiri amene timamuona atalandidwa katundu ndi wa njinga. Nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina.

Chomwe chimandipatsa mphamvu yolankhula n'chakuti kusamala nkhalango timakudziwa bwino lomwe. Yendani mudzi uliwonse, ngakhale woyera mbee, mupeza kamsitu kamodzi kobiriwira: kumanda. Palibe waya, palibe mlonda, palibe bungwe lothandiza. Koma palibe wodula, palibe woyatsa, chifukwa amfumu ndi adzukulu sangamusiye. Mbalame zomwe zinasowa m'mudzi mukazipeza kumeneko. Makolo ankaliopa phiri lonse choncho, ku Sapitwa ndi ku Dziwe la Nkhalamba sankapitako mwachisawawa. Mu Julayi 2025 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi ulemu umenewu. Tinasangalala, n'zoona, koma satifiketi sizima moto.

Za namondwe wa Freddy sindinena zambiri, mabala a Malichi 2023 akadali aawisi m'mabanja ambiri kuno ndi ku Phalombe. Mvula imene ija ikanagumula phiri ngakhale mitengo ikanakhalapo. Komabe phiri lopsa chaka ndi chaka siligwira madzi, limangowataya onse tsiku limodzi, kenako mitsinje n'kuphwa mu Okutobala.

Ndiye pempho langa ndi ili. Gawo la ndalama za mwambo wa Disembala lipite ku Meyi ndi Juni, nthawi yolambula mizere yotchinga moto ndi kutentha udzu mwadongosolo ukadali wauwisi pang'ono, moto usanakhale waukali. Ntchitoyo apatsidwe anyamata omwewo a agalu ndi masowo, alipidwe pa nthawi yake, chifukwa palibe wodziwa tinjira ta m'phiri kuwaposa. Ndalama zichokere kwa odyerera phirili: maesiteti a tiyi othirira ndi madzi ake, malo ogona alendo, ngakhalenso abale athu a ku Blantyre amene tsopano akumwa madzi a Likhubula. Mafumu athu, mlandu wa woyatsa tchire muuzenge monga muzengera wa wodula mtengo kumanda. Ndipo bwana aliyense wobzala mtengo pa kamera abwerenso pakatha chaka adzajambulitse pomwepo, kaya pali mtengo kaya pali phulusa.

A ku Bondo, a ku Nessa, a ku Thuchila ndi a ku Fort Lister, tandiuzani m'munsimu: kwanuko moto wayamba liti chaka chino, ndipo alipo amene waonako mapazi a nyalugwe posachedwapa?