Mlombwa sungapulumuke ndi mbande za bulugama

Abale anga a kuno ku Kasungu, ndi inu anzathu a ku Mchinji, nkhani ya mlombwa ikundisowetsa mtendere. Mtengowu ukutha tikuona, ndipo zimene timachita pa nyengo yodzala mitengo sizikuukhudza n'komwe.

Pitani pa shedi ya kalipentala mukafunse chitseko cha mlombwa. Amene ali woona mtima akuuzani kuti thabwa lotambalala bwino likusowa. Zimene zikubwera masiku ano ndi timatabwa tochekedwa ku mitengo yanthete, m'mbali monse moyera, mtima wofiira uja uli kamzere chabe pakati. Moyeramo chiswe sichichedwa kulowa. Chimene makolo athu ankaukondera mtengowu ndi mtimawo: sufumbwa, supindika ukauma, ndipo ukapalidwa bwino umawala wokha. Pano ena afika popaka utoto pa thabwa la malaina, n'kuthira vanishi, wogula n'kupita kwawo akukhulupirira kuti wagula mlombwa.

Ana ambiri a m'tauni sanauonepo uli chiimire. Ukautema pa khungwa umatulutsa utomoni wofiira ngati magazi, womwe ukauma umada. Utomoni umenewu anthu akhala akuugwiritsa ntchito ngati utoto, ndipo azimayi akale ankaupaka pa zipere za ana. M'chilimwe masamba akayoyoka, zipatso zake zimatsala zikulendewera, zozungulira, zopyapyala m'mphepete, pakati pali timinga tolasa. Mvula ikamayandikira umachita maluwa achikasu onunkhira, njuchi n'kumangoti piringupiringu.

Tsono chimene ndikufuna timvetsetsane ndi kakulidwe kake. Njere ya mlombwa imavuta kumera. Ikamera, kamtengoko sikathamangira m'mwamba. Kamaphuka m'dzinja, chilimwe chikafika kumtunda kumauma, chaka chamawa kamaphukanso pomwepo. Kamatero kwa zaka zingapo uku muzu ukunenepa pansi, kufikira utapeza mphamvu yotulutsa thunthu lokhazikika. Munthu wosadziwa amangoona ngati kachitsamba wamba. Posadzula m'munda khasu limakadula, mbuzi zimakabudula, moto wa osaka mbewa mu September ndi October umakapsereza. Kuchokera pamenepo mpaka kufika pa mtengo woti n'kuchekamo chitseko pamapita zaka makumi ambiri, moti wodzala kawirikawiri sakhala wocheka. Makina ochekera amaugwetsa tiyi asanazizire.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April chaka chilichonse. Timasonkhana, akuluakulu amalankhula, timadzala bulugama, keshya ndi malaina. Sindikunyoza mitengo imeneyi, milimo ndi nkhuni timazifuna. Koma tisamadzinamize kuti tikadzala bulugama chikwi ndiye kuti tabwezera mlombwa umodzi umene wagwa ku Chimaliro kapena m'nkhalango ya Mchinji. Ndi mitengo yosiyana, ndipo ntchito zake n'zosiyana.

Palinso m'bale wake wa mlombwa, mukula, umene anzathu a ku Zambia akuudziwa bwino kuwawa kwake. Zipika zake zakhala zikunyamulidwa m'malole kupita ku madoko, kenako ku China komwe amapangira mipando yodula ya matabwa ofiira. Boma la Zambia linayesa kuletsa malondawa, koma mitengo inapitirira kugwa. Ife tili pamalire penipeni. Paki ya Kasungu yagundana ndi Zambia, ndipo kuchoka ku Mchinji kudzera pa Mwami wafika kale ku Chipata. Ogula akamaliza mbali ina saweruka, amangosuntha, ndipo mukula ukachepa maso awo amagwera pa mlombwa.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti dziko lathu lino ndilo linapempha kuti mukula utetezedwe pa mgwirizano wa maiko wa CITES, woyang'anira malonda a pakati pa maiko a nyama ndi zomera zimene zili pangozi, pa msonkhano wa ku Geneva mu 2019, pamodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje. Pempholo linavomerezedwa. Mu 2022 ku Panama anawonjezera mitengo yonse ya m'banja la mukula ya muno mu Africa, mlombwa uli momwemo, komanso mbawa. Tanthauzo lake n'lakuti matabwa amenewa sayenera kutuluka m'dziko popanda chilolezo. Lamulo lathu la nkhalango la 1997 nalonso linakonzedwa mu 2020, zilango n'kukhwima. Pa pepala tinachita bwino, ndipo ndimanyadira. Koma chitseko chogulitsidwa pa msika wathu womwewu sichidutsa pa malire aliwonse, ndipo CITES sichiona.

Ku Brazil kuli mtengo wotchedwa pau-brasil. Apwitikizi atafika kumeneko mu 1500 anayamba kuudula n'kumautumiza ku Ulaya kuti akapangire utoto wofiira wa nsalu. Anaudula kwa zaka mazana. Lero uli pa mndandanda wa mitengo imene ili pangozi yotheratu, ndipo nkhalango ya m'mbali mwa nyanja imene unkameramo inatsala zigawozigawo. Ndikaganiza za mlombwa ndimaona tikuyenda njira yomweyo, kungoti ife tili ndi makina othamanga kuposa nkhwangwa zawo.

Tisaloze chala alendo okha. Maesiteti a fodya anagwetsa tchire lalikulu kuno kwathu, zigafa zimafuna mitengo chaka ndi chaka, makala nawo sasankha mtengo. Ndipo bambo amene wagulitsa mlombwa wa m'munda mwake kuti agule thumba la feteleza kapena alipire fizi ya mwana sindingamuweruze. Chimandipweteka n'chakuti iye amalandira zochepa kwambiri, phindu lenileni n'kupita kwa wa lole ndi wa shopu ya mipando mumzinda.

Pempho langa likupita kwa mafumu athu, a gulupu ndi a nyakwawa, pamodzi ndi makomiti a nkhalango za m'midzi. Musanapite kokatenga mbande chaka chino, yendani kaye m'minda ndi m'tchire ndi agogo amene amazindikira mphukira za mlombwa. Pamene mwaipeza zikanipo chikhomo, lambulani udzu mozungulira moto usanayambe, ndipo mugwirizane chindapusa cha wotentha tchire. Mlombwa umathanso kuphuka mukazika nthambi yaikulu mvula ili pafupi, choncho ungakhale mpanda wamoyo wa dimba kapena wa sukulu. Mitengo ikuluikulu imene yatsala, ya kumanda ndi ya m'malire a minda, iwerengedwe ndi kulembedwa m'buku la mfumu chifukwa ndiyo ikutipatsa njere. Ndipo ife ogula mipando, tizifunsa kalipentala kumene thabwa lachokera, ngati ndi la mtengo wanthete tizilikana.