Musamafunse wojambula kuti "umaliza liti?"

Anthu ambiri akaona nkhope yojambulidwa ndi pensulo kapena makala, tsitsi litangokhwatchidwa, mzere wa phewa utathera m'malere, funso lawo limakhala limodzi: "Ndiye umaliza liti?" Funso limeneli limandiwawa, chifukwa nthawi zambiri chithunzicho chimakhala chitatha kale.

Kafufuzeni pa intaneti chithunzi chimene mayi Käthe Kollwitz a ku Germany anadzijambula okha ndi makala mu 1933. Chimasungidwa ku National Gallery of Art ku Washington. Nkhope, imene ikuyang'ana kumbali, anaijambula mofatsa: diso lolemera, milomo yotseka, ukalamba osaubisa. Dzanja logwira khala nalonso analisamala. Koma mkono wonse, kuchokera paphewa kukafika padzanja, ndi mzere wakuda bii wongopita uku ndi uku, wokandidwa mwamphamvu. Malaya sakuoneka bwino, chigongono chimodzimodzi. Komatu maso anga amathamangira pomwepo. Chaka chimenecho a chipani cha Nazi cha Hitler anawakakamiza mayiwa kuchoka m'bungwe la akatswiri a zaluso la Prussian Academy of Arts, ndipo mwana wawo Peter anali atafera kunkhondo mu 1914. Ine ndikamauyang'ana mkonowo ndimaona munthu wotopa amene wakanitsitsa kuleka ntchito yake. Akanajambula khwinya lililonse la malayawo, mphamvu yonseyo ikanazilala.

Rembrandt naye, wojambula wa ku Netherlands, cha m'ma 1654, anajambula mtsikana ali mtulo pongodutsitsa burashi kangapo. Chithunzicho chili ku British Museum ku London, ndipo tulo take timachita kuoneka kulemera.

Sindikunena kuti kukhwatcha kulikonse ndi luso ayi. Wojambula amayenera adziwe kaye pamene diso limakhala, kutalika kwa mphuno, mmene mthunzi umagwera pansi pa chibwano. Akadziwa zimenezi m'pamene amasankha poika mtima wake wonse ndi posiya pepala loyera. Kusankha kumeneko n'kumene kumatiuza chimene iye anaona mwa munthuyo, kaya ndi nkhawa, manyazi kapena kudekha.

Inu amene mukuphunzira kujambula, chonde musamathamangire kufufuta mizere yoyamba ija. Pachibwano pakatsala mizere iwiri kapena itatu yoyandikana, mutu umaoneka ngati unali kutembenuka pamene munkajambula, ndipo nthawi zambiri unalidi kutembenuka.