Chiliza cha azakhali ndi bwalo lawo la ntchemberembaye

Kuyambira Lamulungu foni yanga sikupuma. Pagulu la WhatsApp la kubanja kwathu nkhani ndi imodzi basi: mwezi wa Ogasiti tikamange chiliza cha azakhali, aliyense asonkhe. Atate aakulu atumiza kale zithunzi za miyala yonyezimira ija, yoika nkhope ya malemu pakati. Ine nditangofunsa kuti, "Bwanji theka la ndalamazi tikakonzere bwalo lomwe iwo ankaseweretsera ana?" gulu lonse linangoti zii. Patapita nthawi msuweni wanga wina anayankha kuti sukulu yandipotoza mutu. Chabwino. Ndati ndilembe pano poti ambiri a inu munawadziwa mayi amene aja, ena mwa inu anakuphunzitsani kugwira mpira.

Azakhali anali mlongo wawo wa bambo anga, ndipo anakhala ku Bangwe zaka zambiri. Ankagulitsa zitumbuwa ndi thobwa pafupi ndi pokwerera minibasi. Lachiwiri ndi Lachinayi ikangokwana 3 koloko masana ankavundikira beseni, kaya zitumbuwa zatsala kaya zatha, n'kunyamula ndowa ya phulusa ulendo wa kubwalo. Phulusalo ankachita kupempha khomo ndi khomo, kwa aliyense wophikira pa mbaula. Ankalithira m'chitini cha mkaka chobowola pansi n'kumayenda nacho chowerama, kujambula mizere ya bwalo. Ine ndili mwana ntchito yanga inali kugwira chingwe kuti mzere usakhote, ndipo ukakhota khutu langa ndi lomwe linkalipira. Mapolo anali a bulugamu. Mikombero yoponyeramo mpira anawawotcherera mnyamata wina wa zitsulo, malipiro ake thobwa la sabata yathunthu. Mabibu anasoka okha ndi matumba a ufa, n'kulembapo zilembo za malo a osewera, GS, GA, C, WD, ndi penti yotsala pa nyumba ya eni ake. Wezulo ankaimangirira ku chingwe cha nsapato, imakhala m'khosi ngakhale popita ku chigayo.

Ndisawapangitse mngelo ayi. Pakamwa pawo panali pakuthwa. Mtsikana akakhalitsa ndi mpira kupyola masekondi atatu, mawu omwe ankatuluka sindingawalembe pano. Komanso tinene zoona, akakhala kuti akuimbira ndi iwo, timu yawo sinkagonja wamba. Phazi la mlendo likangotsetsereka pang'ono wezulo yalira kale, koma shuta wawo ankatha kuyenda ndi mpira ngati akupita kumsika, iwo maso ali kumwamba. Amayi a timu ya ku Namiyango mpaka lero amaikumba nkhani imeneyi, ndipo pa maliro anaikamba anthu n'kuseka misozi ili m'maso.

Chomwe abale anga sakuchiona n'chakuti pabwalo paja sipankangoseweredwa mpira. Loweruka linali la amayi akuluakulu, ena a ana asanu, osavala nsapato, chitenje chomangira m'chiuno pamwamba pa kabudula wa amuna awo. Akatha kusewera ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kutsegula kabuku ka banki mkhonde. Mayi akamenyedwa kunyumba, nkhani inkayamba kudziwika pamenepo isanafike kwa ankhoswe. Wina akagonekedwa ku chipatala cha Queens, ndandanda wa opititsa chakudya unkalembedwa pamenepo. Ndikukumbukira senta wawo wina, mtsikana wa Fomu 2, atatenga pakati. Makolo ake anati za sukulu zatha, akwatiwe. Azakhali anapita kunyumbako maulendo sindikudziwa angati, kukhala pakhonde osachoka, kufikira bambo wa mwanayo anatopa nawo n'kuvomera kuti akachira abwerere m'kalasi. Lero mtsikana uja ndi mphunzitsi, ndipo ndikudziwa awerenga zimenezi.

Tsiku lomwe ma Queens athu, timu ya dziko lino ya ntchemberembaye, anagonjetsa New Zealand 57-53 ku Gold Coast mu 2018, azakhali anagawa zitumbuwa zonse ulele. Ngakhale kondakitala amene anali nawo ngongole anadya. Kwa iwo Mary Waya, katswiri wakale wa ma Queens, anali ngati m'bale, chonsecho sanacheze naye n'kamodzi komwe. Ankasonkhetsa atsikana ndalama ya minibasi kupita nawo ku Blantyre Youth Centre kuti akaone ndi maso momwe akatswiri amaimira pansi pa polo. Pobwerera ankawauza kuti nayenso Mwawi Kumwenda anayambira pa fumbi ku Mzimba, wopanda nsapato, asanakatchuke ku Australia ndi kusankhidwa wosewera bwino koposa pa World Cup ya 2015 ku Sydney. Mu 2023 titathera pa nambala 7 pa World Cup ya ku Cape Town, Uganda ili patsogolo pathu, anthu pa Facebook pano tinatukwana makochi ndi akuluakulu a masewero. Azakhali sanatukwane munthu. Anangondifunsa kuti, "Iwe, m'dera lako muli mabwalo angati omwe mwana wamkazi angasewerepo osathamangitsidwa?" Ndinawerenga m'mutu, ndinasowa choyankha. Pomwe ife tinkasewera pali mashopu, pena tchalitchi, pena mpanda wa njerwa wolembedwa kuti malowa ali ndi mwini.

Chaka chomwecho mu Malichi, mvula ya namondwe Freddy inang'amba bwalo lawo pakati, chigwembe chofika m'chiuno. Nthawi imeneyo n'kuti matenda a shuga atawafooketsa kale, miyendo ikutupa. Koma anaitana amayi ndi makasu, iwo atakhala pa mpando wa pulasitiki n'kumaloza ndi ndodo pothira dothi. Zinawatengera miyezi iwiri. Masewero oyamba bwalo litakonzedwa anaimbira ali chikhalire pa mpando womwewo, ndipo mwaganiza bwino, timu yawo inapambana.

Anatisiya chaka chatha. Amene munalipo munaona nokha: amayi oposa makumi atatu atavala mabibu a matumba a ufa aja pamwamba pa zitenje. Ndi iwo anaphika, ndi iwo anachezera usiku wonse, ndi iwo anasonkha mafuta a galimoto yopita kumudzi ku Chiradzulu, ife achibale tikadali pa mkangano wa yemwe alipire bokosi. Sindikunena izi pofuna kuchititsa munthu manyazi, inenso ndinali m'gulu la okanganawo.

Mwezi watha ndinadutsa pabwalo paja. Polo imodzi kulibe, akuti inapita pamoto. Udzu wafika m'mawondo. Chakumapeto kuja munthu wina waunjika njerwa ndi mchenga, ndipo aliyense amene ndinamufunsa akuti sakudziwa mwini wake. Inu mukudziwa momwe zimathera njerwa zikangofika pamalo. Atsikana anayi ankaponyerana mpira wa mapepala m'mbali mwa msewu, njinga zamoto zikuwadutsa m'miyendo.

Chiliza sindikukana, atate aakulu mundimve bwino. Manda a mlongo wanu asasowe, timange ndithu, tikawerenge dzina lawo pamenepo. Koma cha simenti wamba chikukwana. Kumudzi kuja kumanda sitilowa popanda kupempha kwa amfumu. Mwala wodula uja tidzauona tsiku lovundukula, tidzajambulitsa, tidzadya mpunga, kenaka udzatsala ndi masamba a mitengo. Ndalama yotsalayo ingagule mapolo achitsulo oti wina asawazule, mipira ingapo, mabibu enieni, ndi kuyendetsera nkhani ya malowo kwa amfumu a m'dera ndi ku khonsolo njerwa zija zisanasanduke maziko. Mukati mwambo, inenso ndikuti munthu amalemekezedwa ndi zomwe ankakonda. Ndi liti munawaona azakhali akusirira mwala?

Wezulo yawo ili ndi ine, chingwe cha nsapato chomwe chija. Loweruka likubwerali 2 koloko ndikhala pabwalo ndi mipira iwiri ndi chikwakwa. Amayi a banki mkhonde alonjeza kubweretsa phulusa. Amene akudziwa wowotcherera zitsulo wosadula andilembere ku inbox, koma adziwiretu kuti thobwa ine sinditha kuphika.