Mukuthamangira kuti, a bwana?

Dzulo ku Mfuwe ndaona chinthu chondinyansa mpaka pano mtima sunatsike. Ndinaperekeza alamu anga okakwera ndeke yaing'ono yopita ku Lusaka. Anthu atakhala kale m'mipando, woyendetsa anati pali kanyali kakuyaka kosafunika kuyaka, tsikani kaye amakanika ayang'ane. Basi bambo wina wa suti, mafoni awiri m'manja, anayamba kukalipira mtsikana wa pa kauntala. "Ndili ndi msonkhano 14 hours ine! Kanyali chabe? Kamuuzeni anyamuke!" Mwana wa eni ake misozi ili lengelenge, akungoti pepani bwana, pepani bwana.

Apepese chiyani? Bambo inu, manyazi mulibe?

Ndeke ikadwala imakhala pansi, basi. Kumwamba kulibe pambali pa msewu poti muimike, mutsegule boneti, muthire madzi a m'chigubu. Woyendetsa akati sindinyamuka, khalani pansi, imwani tiyi, imbirani a ku msonkhanowo kuti muchedwa. Msonkhano amausuntha. Kuthamanga si kufika.

Ndipo ife a mu Zambia ndife omaliza oyenera kutulutsa mawu akuti "kanyali chabe" pakamwa. Mwaiwala kale usiku wa pa 27 April 1993? Ndeke ya asilikali ija, Buffalo, itanyamula timu yathu ya mpira kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal. Injini inaonetsa vuto itatera ku Brazzaville, ulendo n'kupitirirabe. Itangonyamuka ku Libreville injini ya kumanzere inagwira moto, woyendetsa wotopa n'kuzimitsa ya kumanja imene inali bwinobwino. Yonse m'nyanja. Anthu 30 osapulumuka ndi mmodzi yemwe, osewera 18, aphunzitsi awo a Godfrey Chitalu momwemo. Efford Chabala, Wisdom Chansa, Kelvin Mutale, mayina amene makolo athu amatchulabe atagwira tsaya. Pitani mukaone manda awo pa Heroes Acre, pafupi ndi Independence Stadium, kenako mubwere mudzandiuze za 14 hours yanuyo. Tikanakonda bwanji akanachedwa tsiku lathunthu anyamata aja!

Musaganize kuti n'zathu zokha. Ku America, pa 28 January 1986, chombo chopita m'mlengalenga cha Challenger chinaphulika patangotha masekondi 73 chinyamukire, anthu 7 n'kufera momwemo, mmodzi anali mayi mphunzitsi wa pasukulu. Usiku wa dzulo lake mainjiniya anali atachenjeza kuti kukuzizira kwambiri, mphira wotseka polumikizira roketi auma ndipo sagwira. Akuluakulu anati tachedwa kale, inyamuke. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma chowawa n'chakuti nkhwangwayo inagwera ena.

Kaya ndeke zimawonongeka chifukwa cha ukalamba, kaya kusowa kwa zipangizo, izo akambe odziwa. Ine yanga ndi imodzi: munthu akaona vuto n'kukana kuuluka, musiyeni. Musamukalipire, musamuopseze kuti mumudziwa bwana wake, musatulutse foni kumujambula kuti mumuchititse manyazi pa Facebook. Iyenso ali m'ndeke yomweyo, ali ndi ana kunyumba. Mukufuna woyendetsa wamantha ndi suti yanu, kapena wamantha ndi injini?

Ndipo khalidwe limeneli ndi lomwe latipha pa Great East Road. Basi yochoka ku Chipata m'mbandakucha, matayala osalala ngati chikhatho, mabuleki akununkha pa mapiri a Manenekera, inu phee. Dalaivala akayenda modekha ndiye mumayamba phokoso kumbuyo, "a driver, mwanyamula mazira?" Akaima pa Nyimba kuti ayang'ane tayala, mumatukwana. Wina mpaka amamugulira chakumwa kuti akapitirire basi ya kampani ina tisanafike pa mlatho wa Luangwa. Anthu akuluakulu a ndevu zawo!